Mwana wanga akufuna kukhala kochi wa lacrosse ku koleji, kodi angadyerepo?

Funso: Ndine mayi wochokera ku Malawi ndipo ndakhala ku Maryland zaka zoposa 20. Mwana wanga wamwamuna anabadwira konkuno. Chaka chamawa amaliza digiri pa koleji ina yaing'ono komwe amaseweranso lacrosse. Ife timayembekezera kuti akamaliza alowe ntchito ya mu ofesi, koma iye akuti akufuna kukhala kochi wa timu ya koleji. Bambo ake akuti n'zachibwana. Ine masewerawo sindiwamvetsa n'komwe, ndimangopita kukaomba m'manja. Kodi munthu amayambira pati, ndipo angadyerepo?

Yankho: Angadyerepo, Mayi, koma osati msanga, ndiponso osati atakhazikika tauni imodzi. Zaka zoyambirira mudzamuona akutsalira kwa anzake amene analowa m'mabanki ndi m'makampani a makompyuta, ndipo musadzadabwe akadzakuimbirani kuti mumuthandizeko lendi kapena inshulansi ya galimoto. Ndayamba ndi zimenezi kuti bambo ake asaganize kuti ndabwera kudzamuikira kumbuyo mnyamatayo. Ndagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi ya zamasewera pa koleji ina yaing'ono ya kum'mawa kwa America, ndipo makochi achinyamata ndawaona akufika ndi zikwama ziwiri m'galimoto yakutha. Ena anakwera. Ambiri anasiya asanakwanitse zaka 30.

Za kusamvetsa masewerawo musade nazo nkhawa. Timu ya amuna imakhala ndi anthu 10 m'bwalo, aliyense ndi ndodo yokhala ndi kaukonde kumapeto, ndipo amaponyerana kampira kolimba ka labala mpaka kalowe m'golo. Eni ake enieni ndi anthu amene azungu anawapeza ku North America, makamaka a Haudenosaunee a ku New York ndi Canada. Inu muli pachimake penipeni pa masewerawa, chifukwa kuyambira 2004 boma la Maryland linavomereza lacrosse kukhala masewera ake a timu, ndipo likulu la bungwe la USA Lacrosse lili ku Sparks, kumpoto kwa Baltimore. Chimene muyenera kumvetsa ndi kukula kwa msika wa ntchito imene akuifunayo. Bungwe la NCAA, lomwe limayendetsa masewera a m'makoleji, linagawa masukulu m'magulu atatu. Gulu lapamwamba, Division I, lili ndi matimu aamuna opitirira pang'ono 70 m'dziko lonse lalikululi. Ndiye kuti mipando ya makochi akuluakulu kumeneko siyifika 80, ndipo amene aikhalira samaisiya wamba. Gulu lachitatu, Division III, lodzaza makoleji ang'onoang'ono, komwe ndikuganiza kuti mwana wanu akusewera, lili ndi matimu oposa 200, ndipo ntchito zambiri zoyambira zili kumeneko.

Njira yabwino yoonera mmene ulendowu umayendera ndi kutsata munthu mmodzi, ndipo ine ndimakonda kupereka chitsanzo cha Bill Tierney, chifukwa anaponda sitepe iliyonse ya makwerero amenewa. Anakulira ku Levittown pa chilumba cha Long Island, ndipo anasewera pa koleji ya boma ya Cortland ku New York, yomwe inatenga chikho cha makoleji ang'onoang'ono mu 1973. Sanachoke pamenepo n'kukagwera pampando wa ku yunivesite yotchuka. Anabwerera kwawo n'kuyamba kuphunzitsa ana a sekondale, koyamba ku Great Neck South, kenako ku Levittown Memorial. Mu 1982 m'pamene anapeza timu yake yoyamba ya koleji, ku Rochester Institute of Technology, ya Division III, ndipo anakhalako masizoni atatu akuchita bwino.

Chimene anachita kenako n'chimene ndimafuna mwana wanu achiganizire kwambiri. Ku Rochester iye ndiye anali bwana. Mu 1985 anasiya ubwanawo n'kupita ku Johns Hopkins, ku Baltimore kwanuko, kukakhala wothandizira wa kochi wamkulu Don Zimmerman. Kwa munthu woonera patali, uku kunali kutsika: dzulo unkalamula, lero ukutola mipira ya mnzako. Komanso ku Hopkins anapatsidwa ntchito ina yowonjezera, yophunzitsa timu ya mpira wamiyendo ya amuna. Koma Hopkins inali likulu la lacrosse, ndipo m'zaka zitatu zimene anakhalako timuyo inatenga chikho cha dziko kawiri, mu 1985 ndi 1987. Dzina lake linayamba kutchulidwa m'maofesi momwe kale sankalidziwa. Yunivesite ya Princeton itafuna kochi, inatenga iyeyo.

Princeton panthawiyo inali timu yongokwapulidwa. Sizoni yake yoyamba, ya 1988, anapambana magemu awiri n'kugonja 13. Onjezani kuti Princeton ili mu Ivy League, gulu la mayunivesite akale otchuka, komwe lamulo silolola kupereka sikolashipu chifukwa cha masewera, ndiye sakanatha kukopa ana ndi ndalama ngati mmene ankachitira anzake. Anamanga timu poyambira kumbuyo. Anaphunzitsa otchinga kuti mdani akangomudutsa mmodzi, wina athamangirepo msanga ndipo ena onse asunthe kutseka mipata yotsalayo, ngati anthu amene akutchinga mbuzi pakhomo la khola. Kutchinga kotereku kunakopedwa ndi matimu ambiri pambuyo pake. Mu 1992 Princeton inagonjetsa Syracuse 10-9 mu fainolo imene inafika nthawi yowonjezera yachiwiri, ndipo chigoli chomaliza anamwetsa Andy Moe. Zikho zina zinabwera mu 1994, 1996, 1997, 1998 ndi 2001. Mu 1997 sanagonje gemu ngakhale imodzi. Pa chikho cha 2001 ana ake awiri, Trevor amene anali goloboyi ndi Brendan, anali m'timu momwemo.

Tawerengani zakazo, Mayi. Kuchokera pamene anamaliza koleji mu 1973 kufika pamene anapeza mpando wa Division I panadutsa zaka 15, ndipo chikho choyamba chinabwera patatha zaka 19. Uyu ndi munthu amene ambiri amamuona ngati katswiri woposa onse pa ntchitoyi. Ndipo sanathere pomwepo. Mu 2009, atadutsa zaka 55, pamene anthu ankaganiza kuti adzapumira ku Princeton, anasamukira ku Denver, kutali ndi kumene lacrosse inazika mizu, ndipo mu 2015 anagonjetsa Maryland 10-5 ku Philadelphia. Aka kanali koyamba kuti chikho cha amuna cha Division I chiwoloke mtsinje wa Mississippi kupita kumadzulo. Anasiya Denver sizoni ya 2023 itatha, ali ndi zikho 7. Long Island, Rochester, Baltimore, New Jersey, Colorado: mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ngati m'mtima mwanu mumafuna kuti mnyamatayo azibwera kudzadya nsima Lamlungu lililonse, ntchitoyi ikulandani zimenezo.

Tsopano titsike pansi pomwe iye ayambire, pakuti nkhani za zikho n'zokoma kumva koma sizilipira lendi. Khomo labwino koposa kwa mwana wongomaliza kumene ndi udindo umene amautcha graduate assistant. Koleji imamulipirira maphunziro a digiri yachiwiri, imamupatsa kangachepe pamwezi, nthawi zina ndi chipinda komanso chakudya cha kukafeteriya, ndipo iye amathandiza kochi kwa zaka ziwiri. Ndimati ndi labwino chifukwa ngakhale ukochiwo utakanika, amatuluka ndi pepala m'manja. Khomo lina ndi kukhala wothandizira wa maola ochepa pa koleji yaing'ono, komwe malipiro ake sakwanira munthu kukhalira moyo, moti m'mawa amaphunzitsa kusukulu ina kapena kugwira maganyu, madzulo n'kupita kubwalo. Kale ambiri ankalowa ku Division I ngati ongodzipereka, osalandira kanthu kuchokera kuyunivesite, n'kumadalira ndalama za makampu a ana patchuthi. Kuyambira July 2023 NCAA inathetsa udindo wongodziperekawo mu Division I n'kuusandutsa udindo wovomerezeka umene sukulu ingathe kulipira. Zinathandizako, ngakhale sizitanthauza kuti sukulu iliyonse imalipira bwino.

Kodi wothandizira wamng'onoyo amachita chiyani tsiku lonse? Ana ambiri amaganiza kuti azikajambula mapulani pabolodi. Ndikuuzeni za mnyamata wina amene tinali naye, yemwe anali katswiri kukoleji kwawo. Loweruka lina mu March tinali ndi gemu yakutali, ulendo wa maola anayi. Iye anadzuka 4 koloko m'mawa kukatenga masangweji a anthu 45, anawerenga zipewa ndi magolovesi, anakweza zikwama m'basi. Gemu itatha, tagonja, anakhala kumpando wakumbuyo laputopu ili pamwendo, akudula kanema wa gemuyo tizidutswatizidutswa: apa tinataya mpira, apa wotchinga anachedwa, apa goloboyi sanakuwe. Tinafika usiku, osewera anabalalika, iye anatsala m'chipinda chochapira akudikira makina amalize mayunifolomu chifukwa wochapa anali patchuthi. Lolemba m'mawa ndinamupeza pakhomo la pulofesa wina akupepesera wosewera amene anajomba mayeso. M'sabata yonseyo, nthawi imene anagwira ndodo ya lacrosse sinakwane maola 12. Anapirira zaka zitatu, ndipo lero ali ndi timu yakeyake pa koleji ina yaing'ono. Mnzake amene anabwera naye chaka chimodzi anasiya Khirisimasi isanafike, akuti sanaphunzire zaka zinayi kuti azichapa masokosi a anthu. Sindimuweruza. Walira mvula walira matope, ndipo si aliyense amene amadziwiratu kuya kwa matopewo.

Koma mtima wa ntchitoyi ndi kusaka osewera. Kochi wa koleji amene sadziwa kupeza ana aluso n'kuwakopa kuti abwere pasukulu yake sakhalitsa, ngakhale atadziwa masewerawo chotani. Mukapita ku mipikisano ya matimu a makalabu mu June ndi July, ina imachitikira ku Maryland komweko, mudzaona mabwalo 10 kapena 15 oyandikana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo m'mphepete mwa bwalo lililonse muli mzere wa amuna atakhala pa timipando topinda, aliyense atavala chipewa cha sukulu yake, kabuku ka maina ndi manambala kali m'manja. Amakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Wodziwa ntchito sayang'ana amene wamwetsa chigoli yekha. Amayang'ana mwana amene wataya mpira, kuti athamangira kumbuyo kapena aima n'kumaloza mnzake. Amayang'ana mmene mwanayo akuyankhira mayi ake akamupatsa botolo la madzi. Kochi wina wamkulu amene ndinagwira naye ntchito ankafufuta dzina la mwana waluso chifukwa cha zoterezi, ndipo nthawi zambiri ankalondola.

Ntchito yosakayi ili ndi malamulo ake, ndipo mwana wanu ayenera kuwadziwa ngati mmene dalaivala amadziwira zikwangwani za pamsewu. Kale makochi a Division I ankalimbirana ana a zaka 13 ndi 14, mwana n'kulonjeza yunivesite asanamere ndevu. Mu 2017 NCAA inaletsa zimenezi pa lacrosse: kochi wa Division I saloledwa kulankhula ndi mwana za kumutenga mpaka kumayambiriro kwa September wa chaka chake chachitatu cha sekondale. Kwa zaka zambiri timu ya amuna ya Division I inkaloledwa masikolashipu okwana 12.6 okha, oti agawidwe kwa anyamata oposa 40, ndiye kochi ankakhalanso ngati mayi wogawa nkhuku imodzi kwa alendo ambiri. Malamulo a ndalamawa asintha kwambiri posachedwapa. Kuyambira 2018 pali kaundula wa pa intaneti wotchedwa transfer portal, momwe wosewera wofuna kusamuka amalembetsa dzina, ndipo kuyambira July 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama ndi dzina lawo. Mapeto ake kochi wa lero amakopa ana atsopano kwinaku akukopanso ana ake omwe kuti asathawe. Ku Division III kulibe sikolashipu ya masewera, ndiye kochi amagulitsa sukuluyo: maphunziro ake, thandizo la fizi, ntchito zimene omaliza amapeza. Ndipo pali chinsinsi chimene sachinena pagulu. Makoleji ang'onoang'ono ambiri amasunga timu ya lacrosse chifukwa imabweretsa ana 40 kapena 50 olipira fizi. Kumeneko kochi amayesedwa ndi chiwerengero cha ana amene walembetsa pafupifupi mofanana ndi magemu amene wapambana.

Funso limene simunafunse koma ndikudziwa kuti lili kukhosi ndi ili: kodi mwana wakuda, wa makolo obwera, wopanda amalume m'masewerawa, angalowe? Sindikunamizani. Lacrosse ya m'makoleji ndi dziko laling'ono, lodzaza azungu ochokera m'masukulu odula ndi m'madera olemera, ndipo ntchito zambiri zimaperekedwa pafoni zisanalengezedwe. Kochi akafuna wothandizira amaimbira mnzake amene ankasewera naye n'kufunsa kuti uli ndi mnyamata wodalirika? Onani Kevin Corrigan wa ku Notre Dame: bambo ake, Gene Corrigan, anali mkulu wa zamasewera ku Virginia komanso ku Notre Dame komweko. Sindikunena kuti sanagwire ntchito, pakuti anayamba mu sizoni ya 1989 ndipo anadikira mpaka 2023 kuti atenge chikho choyamba, atagonja mafainolo awiri kwa Duke, n'kudzatenganso china mu 2024. Ndikungoti anabadwira m'nyumba momwe makomo ake ankawadziwa. Mwana wanu ayenera kudzipangira amalume akewo, ndipo woyamba ndi kochi amene akumusewerera panopa.

Komabe akuda ali ndi mbiri yawo m'masewerawa, ndipo ndi bwino aidziwe. Jim Brown, amene dziko limamudziwa ndi mpira wa ku America, anali chiphona cha lacrosse ku Syracuse m'ma 1950. Timu ya Morgan State, yunivesite ya akuda ya ku Baltimore, inadabwitsa anthu mu 1975 pogonjetsa Washington and Lee, imodzi mwa matimu amphamvu a nthawiyo. Kyle Harrison wa ku Johns Hopkins anatenga mphoto ya Tewaaraton, ya wosewera wopambana onse m'makoleji, mu 2005. Rick Sowell anakhala kochi wamkulu ku Dartmouth, St. John's, Stony Brook ndi Navy. Hampton, yunivesite ina ya akuda ku Virginia, inalowetsa timu yake mu Division I mu 2016. Ndi ochepa, koma njira ilipo, ndipo makoleji ambiri lero akufunadi makochi amene angalowe m'nyumba za mabanja ngati lanu n'kumvana ndi makolo.

Kodi afunika kukhala katswiri wosewera? Ayi. Zimathandiza kutsegula chitseko choyamba basi. Pali ena amene anakwera mofulumira: Connor Buczek anali katswiri ku Cornell, anayamba ngati wothandizira wongodzipereka pomwepo, anapatsidwa timuyo mu 2020 asanakwanitse zaka 30, ndipo mu 2025 anatenga chikho chimene Cornell inali isanachione kuyambira 1977. Mnyamata wanu akakuuzani nkhani imeneyi, ndipo akuuzani ndithu, mumukumbutse kuti pa Buczek mmodzi pali anthu ngati Matt Brown, wa ku Canada, amene anakhala wothandizira ku Denver zaka zoposa 15 asanalowe m'malo mwa Tierney. Ndipo akatswiri ambiri amalephera ukochi chifukwa zimene ankachita ndi thupi lawo satha kuzifotokoza ndi pakamwa. Amene ankakhala pabenchi, n'kumamvetsera, nthawi zambiri amaphunzitsa bwino.

Apa ndi pamene bambo ake ali ndi mfundo, ndipo ndiwapatse mpata wawo wonse. Ntchitoyi ilibe chitsimikizo, ngakhale kwa amene afika pamwamba. Dom Starsia anapatsa Virginia zikho zinayi, mu 1999, 2003, 2006 ndi 2011, koma zinthu zitayamba kutsika anachotsedwa mu 2016. Dave Pietramala anali mwana wa pakhomo ku Johns Hopkins, anatenga chikho ngati wosewera, n'kutenganso ziwiri ngati kochi mu 2005 ndi 2007, koma mu 2020 anasiyana ndi sukuluyo ndipo anabwerera kukhala wothandizira, ku Syracuse kenako ku North Carolina. Nkhani yowawa koposa ndi ya Mike Pressler wa ku Duke. Mu 2006 osewera ake atatu anaimbidwa mlandu wogwirira mayi wina, sizoni inathetsedwa, iye anakakamizidwa kutula pansi udindo. Mu April 2007 mkulu wa zamalamulo wa boma la North Carolina, Roy Cooper, analengeza kuti anyamatawo anali osalakwa, ndipo woimira boma pamlanduwo, Mike Nifong, analandidwa chiphaso cha uloya. Koma mpando unali utapita kale kwa John Danowski, amene anadzatenga nawo zikho zitatu. Pressler anakayambiranso pa sukulu yaing'ono ya Bryant ku Rhode Island, ndipo mu 2010 anatsogolera timu ya dziko la America kutenga chikho cha dziko lonse ku Manchester. Kochi amayankha pa zimene anyamata 45 a zaka 18 mpaka 22 amachita usiku wa Loweruka, iye ali mtulo kunyumba kwake. Ndipo kochi wamkulu akachotsedwa, othandizira ake kawirikawiri amapita naye limodzi, ngakhale sanalakwe kanthu.

Nthawi zina si kochi amene amachotsedwa, ndi timu yonse. Furman inathetsa timu yake ya amuna mu 2020 mliri wa Covid utavuta. Cabrini, koleji yaing'ono ya pafupi ndi Philadelphia, inatenga chikho cha Division III mu 2019, ndipo mu 2024 sukulu yonseyo inatsekedwa chifukwa cha mavuto a ndalama. Choncho akamasankha kopita, asamangoyang'ana bwalo ndi mayunifolomu. Afunse ngati chiwerengero cha ophunzira pasukulupo chikukwera kapena chikutsika.

Sindikufuna kuti muganize kuti kupambana pa ntchitoyi ndi kufika Division I basi. Kwanu komweko, ku Salisbury, Jim Berkman anayamba mu 1989 ndipo pofika 2023 anali atatenga zikho 13 za Division III ali pasukulu imodzi. Makochi ambiri a m'gulu limeneli sadziwika pa wailesi yakanema, koma ali ndi malipiro a munthu wapakati, penshoni, inshulansi ya chipatala, ndipo m'makoleji ambiri ana awo amaphunzira motsika mtengo kapena mwaulere. Ine pandekha ndimaona kuti umenewu ndiwo moyo wabwino koposa pa ntchito imeneyi, ngakhale achinyamata samva ndikawauza. Palinso masukulu a sekondale oima paokha, amene ku Baltimore ali ndi matimu amphamvu zedi, komwe munthu amaphunzitsa masamu kapena mbiri m'mawa n'kukhala kochi madzulo. Kulinso mbali ya akazi, yomwe ili ndi matimu ambiri kuposa ya amuna. Malamulo ake ndi osiyana ndipo ayenera kuwaphunzira modzichepetsa, koma amuna amaphunzitsako: Gary Gait anatsogolera timu ya akazi ya Syracuse zaka zoposa 10 asanapatsidwe ya amuna mu 2021. Ndipo masewerawa akukula. Abwerera ku Olimpiki ku Los Angeles mu 2028, mumtundu wa anthu 6 mbali iliyonse, ndipo ngakhale ku Africa, Uganda inasewera mpikisano wa dziko lonse ku Denver mu 2014.

Ndiye mutani chaka chimene chatsalachi? Choyamba n'chosavuta ndipo sichilira ndalama: apite kwa kochi wake sabata ino, atseke chitseko, anene poyera kuti akufuna ntchitoyi ndipo apemphe kuti aziloledwa kuthandiza kudula makanema a magemu ndi kulemba malipoti a matimu amene akukumana nawo. Kochi amene waona mwana akugwira ntchito yotopetsayi osatumidwa ndi amene amanyamula foni mu May. Patchuthi chikubwerachi agwire ntchito m'makampu a makoleji ena, osati a sukulu yake yokha, chifukwa kumeneko amadya ndi kugona limodzi ndi othandizira a masukulu 10 kapena 20, ndipo ndi iwowo amene amadziwa malo amene atseguke. Aphunzitse timu ya ana ya kalabu, ngakhale ya zaka 12, kuti aone ngati amakondadi kuphunzitsa kapena amangokonda kusewera ndipo akuopa kusiya. Awiriwa amasokonezeka kwambiri m'mutu mwa mwana wa chaka chomaliza. Atenge satifiketi ya ukochi ya USA Lacrosse, ndipo ngati angathe apite ku msonkhano wapachaka wa bungwe la makochi a m'makoleji la IMLCA, umene umachitika mu December. Asankhenso kanthu kamodzi koti azidziwika nako. Matimu ambiri amasowa munthu wodziwa kuphunzitsa magoloboyi kapena olimbirana mpira pakati poyambitsa gemu, ndipo wodziwa chimodzi mwa zimenezi amalembedwa msanga kuposa wonena kuti amadziwa zonse.

Sizoni imayamba mu February n'kutha kumapeto kwa May, fainolo ya Division I imaseweredwa Lolemba la Memorial Day, lomwe ndi Lolemba lomaliza la May, ndipo ntchito zambiri zimatseguka mu June ndi July. Ndiye musatekeseke akavala gauni mu May alibe kalata ya ntchito pamene anzake ali nazo kuyambira January. Kalendala ya ntchitoyi ndi yotero.

Kwa inu ndi bambo ake, malangizo anga ndi akuti musamuletse, koma mupangane naye malire, ndipo muwalembe. Ine ndikanati zaka zinayi kapena zisanu. Ziwiri zoyambirira zikhale za graduate assistant, ndipo digiri yachiwiriyo isakhale yongodzaza pepala: ikhale ya uphunzitsi, ya bizinesi, kapena ina imene ingamudyetse kunja kwa bwalo. Zakazo zikatha, ngati sanapeze udindo wa maola onse wokhala ndi inshulansi ya chipatala, mukhalenso pansi. Kumbukirani kuti lamulo la America limamulola kukhala pa inshulansi yanu ya chipatala mpaka zaka 26 zokha, ndiye malire enieni alipo kale, si inu amene mwawaika. Asatenge ngongole ina chifukwa cha ukochi.

Foni yoyamba yomupatsa malo ikadzabwera, adzafuna kuvomera asanamve n'komwe zonse. Mumuuze apemphe tsiku limodzi, ndipo afunse kuti malipirowo ndi a miyezi 9 kapena 12, ngati nyumba ndi chakudya zilipo, ngati mafuta a galimoto popita kosaka osewera amabwezedwa, ndiponso ngati ndalama za makampu amagawirako othandizira. Kenako afunse maina a anthu atatu amene anakhalapo paudindowo iye asanabwere, n'kuwaimbira onse atatu kuti amve kumene ali lero.